Manda akale angasanduke munda wa mitengo wophunzirirapo? Yankho kwa aphunzitsi a ku Thyolo

Funso labwera kuchokera kwa aphunzitsi ena a pulayimale cha ku Masambanjati ku Thyolo, mayi amene amayang'anira kalabu ya zachilengedwe pasukulu pawo. Ndalidula pang'ono koma nkhani yake ndi iyi: "Kuseri kwa sukulu yathu kuli manda akalekale, agogo amati anayamba kuikako anthu nthawi ya thangata. Anadzadza, amfumu anapereka malo ena, pano kumangopita mmodzimmodzi amene akufuna kukagona pafupi ndi makolo ake. Mudzi wonse mitengo yachilengedwe ikuluikulu yatsala kumeneko kokha. Ndinaona pa intaneti kuti kunja manda otere amawasandutsa arboretum, kulemba mayina pa mitengo, anthu nkumakapuma ndi kuphunzirako. Koma ena m'mudzi akuti tichekepo mitengo ingapo tigulitse matabwa timange mpanda wa njerwa. Zingatheke kuno kwathu? Tiyambire pati?"

Aphunzitsi, zitheka ndithu, komanso kunena zoona mitengoyo muli nayo kale, chatsala ndi kuidziwa ndi kuisamala basi. Koma ndiyambe ndi chinthu chimene ndimachiona ngati chachikulu pa nkhani yonseyi. Mitengo imeneyo sinapulumuke chifukwa cha lamulo la boma, olo chifukwa a forestry amabwera kudzalondera, ayi. Yapulumuka chifukwa anthu amaopa komanso amalemekeza kumanda. Mwana amakula akudziwa kuti kumanda saloza ndi chala, salowako popanda amfumu kudziwa, nkhuni zakumanda saphikira nsima pakhomo, zipatso zake satola. Nde mukabwera ndi maganizo a paki, mabenchi pakati, aliyense azilowa nthawi iliyonse, achinyamata azikajambulitsa zithunzi za pa Facebook atatsamira chiliza, mwachotsa mlonda yekhayo amene wagwira ntchito zaka zonsezi osalipidwa. Zili ngati kuzula chitseko cha khola kuti anthu aziona bwino mbuzi. Amene alowe poyamba ndi ana asukulu inde, koma wachiwiri ndi wa nkhwangwa, wachitatu wa makala. Choncho zonse ndikuuzenizi zagona pamenepo, malowo akhalebe manda, kuphunzira kubwere pambuyo pa ulemu.

Zimene munaona pa intanetizo ndi zoona. Ku America kuli Mount Auburn, mu Cambridge pafupi ndi Boston, anawatsegula mu 1831 ndipo mwa amene anayambitsa munali bungwe la alimi a maluwa ndi mitengo, anawakonza dala kuti akhale manda komanso munda. Ku Brooklyn kuli Green-Wood a 1838, amene anthu ankakhamukirako kukapitidwa mphepo mpaka akuluakulu a New York anaona kuti mzinda ukufunika paki yeniyeni, Central Park inabwera pambuyo pake. Ku London kuli Abney Park a 1840, kumene anadzala mitundu ya mitengo ndi zitsamba pafupifupi 2,500 nkuilemba mayina motsatira alifabeti. Koma onani kusiyana kwake, kumeneko kuli mpanda, geti, nthawi yotsegula ndi yotseka, antchito olipidwa, ndipo anthu ake anazolowera kuyenda m'manda Lamulungu masana. Ife zimenezo tilibe ndipo sitikuzifuna zonse. Amene tikufanana nawo kwambiri ndi a kumpoto kwa Ethiopia, kumene nkhalango zachilengedwe zinatha nkutsala timisitu tozungulira matchalitchi a Orthodox, m'menemonso ndi momwe amaika maliro, ndipo chasunga timisituto ndi chikhulupiriro cha anthu. Kwathu konkuno chitsanzo ndi Khuluvi ku Nsanje, msitu wa Mbona.

Kamsitu kanuko musakapeputse. Thyolo pa kalembera wa 2018 inapezeka ndi anthu oposa 720,000, Mulanje oposa 680,000, ndipo malo abwino ambiri ali ku maesiteti kuyambira pomwe tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje cha m'ma 1890. Anthu anapanikizika m'mapiri, analima paliponse pomwe khasu lingalowe, palibe amene angawadzudzule pamenepo chifukwa munthu sangasiye ana ndi njala kuti mtengo uime. Phiri la Thyolo linali ndi nkhalango yowirira, mpaka kuli kambalame kamene dziko lonse limakadziwa ndi dzina la boma lathu, Thyolo alethe, koma nkhalangoyo inagwetsedwa kuyambira m'ma 1990 ndipo pano kambalameko kakupezeka m'timisitu totsala monga m'maesiteti ndi ku phiri la Mulanje. Nde mukaima pamtunda nkuyang'ana kutsidya, mukaona kachigulu ka mitengo yobiriwira bii pakati pa minda ya chimanga ndi nthochi, simufunsanso, ndi manda amenewo. Mitengo ya m'menemo ndi ya mbewu ya konkuno, inazolowera dothi lathu lofiira, mvula yathu ndi chiperoni chathu. Mbewu yotere simungaigule m'sitolo. Ndipo amene anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 safuna kuuzidwa kuti malo otsetsereka opanda mizu amatani mvula ikachuluka.

Poyambira tsono. Musalowemo kaye, olo kukangoona. Pitani kwa amfumu ndi ahedi komanso wapampando wa komiti ya sukulu, ndipo pempho lanu lisakhale loti tikufuna malowo, likhale loti tikupempha ana adziwe mitengo imene makolo anatisiyira ndiponso titengeko mbewu tikafese kusukulu. Amfumu aitana eni mbumba amene abale awo agona m'menemo, aitana adzukulu, ndipo akulu a mipingo ndi a kumzikiti akhalepo ngati manda ndi osakanikirana. Adzukuluwo musawaone ngati anthu ongokumba, ndi amene amadziwa kuti apa pagona uje, apo pali khanda, mtengo uwo unadzalidwa kumutu kwa mfumu yoyamba. Popanda iwo ntchito yanu siyenda, ndipo ine ndikanakonda kuti mkulu wa adzukulu akhale wapampando wa kakomiti kameneka, inu mukhale mlembi. Izi sindikunena chifukwa cha mwambo wokha. Tonse tikukumbukira 2017 pamene mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi Phalombe nkufika kuno ku Thyolo, anthu osalakwa anaphedwa chifukwa chongooneka achilendo. Kuwonjezera apo pakhala nkhani zofukula manda a abale athu achialubino. Munthu wa tepi, kope ndi foni akuzungulira m'manda anthu osadziwa, mukudziwa nokha zimene zingachitike. Tsiku lililonse lolowa lilengezedwe, adzukulu akhale patsogolo.

Akalola, ntchito yoyamba ndi kalembera wa mitengo, ndipo amenewa achite akuluakulu okha, anthu anayi kapena asanu akwana. Tengani agogo awiri odziwa mitengo, olo asing'anga ngati anthu amawakhulupirira, ndipo pemphani alangizi a zankhalango a ku ofesi ya forestry paboma. Mtengo uliwonse waukulu upatsidwe nambala, mulembe dzina lake la Chichewa, la Chilomwe ngati alipo akulidziwa chifukwa mayina amenewa akupita ndi nkhalambazi, ntchito yake, komanso kukula kwake. Kuyeza nkosavuta, tepi ya atelala yomweyi, muzungulize thunthu pa msinkhu wa mamita 1.3 kuchokera pansi, cha pachifuwa pa munthu wamkulu, nambala mwapezayo mukaigawa ndi 3.14 mwapeza kunenepa kwa thunthu. Ana a sitandade 7 ndi 8 masamu amenewa akawerengere m'kalasi. Lembaninso ngati mtengo uli ndi mphako, chiswe, bowa wouma womera pathunthu, kapena nthambi zouma zolendewera. Kumbali zathu kuno mukhoza kupeza mbawa makamaka ngati kuli kamtsinje, mkuyu, kachere, mpasa, mtangatanga, msuku, muula, mvunguti, nthudza, mwina mlombwa ndi muwanga kumene kuli kouma. Umene wakanika onse, thyolani kanthambi ka masamba ndi maluwa kapena zipatso, kapanikizeni pakati pa nyuzipepala muike mabuku olemera pamwamba, kakauma katumizeni ku National Herbarium ku Zomba, ntchito yawo ndi imeneyo. Ngati tsiku lina mudzafune kuti malowo adziwike kunja, kuli ndondomeko ya ArbNet, yovomereza ma arboretum pa dziko lonse lapansi, imene gawo lake loyamba limafuna mitundu 25 ya mitengo yolembedwa mayina ndi pulani yosamalira, manda akale akhoza kuikwanitsa nambala imeneyi. Koma zimenezo nzam'tsogolo, musathamangire.

Za zikwangwani, musakhome misomali m'thunthu ndipo musamange waya wothina, mtengo ukamakula wayayo amalowa m'khungwa nkuupotokola. Zikani kachikhomo pansi patsogolo pa mtengo, kachitsulo kodula ku lata lakale, mulembe ndi penti. Zikhale zazing'ono, zosawala, zisapikisane ndi mitanda ndi ziliza. Ndiponso musalembe mtengo uliwonse. Mulembe ya m'mphepete yokha.

Apa ndiye pali nzeru yonse ya ana. Anawo asalowe pakati pa mitumbira. Lambulani kanjira kozungulira kunja kwa manda, m'malire mwenimweni, ana aziyenda m'menemo ndi aphunzitsi komanso mdzukulu mmodzi, pa tsiku lodziwika, mwakachetechete. Mitengo ya m'mphepete ndi yokwanira kuphunzirira khungwa, masamba, maluwa, mbalame zobwera kudzadya nkhuyu. Kholo limene silikufuna mwana wake ayandikire kumanda musalikakamize kapena kulinena kuti ndi lotsalira. Benchi ngati ikufunika, ikhale kunja polowera, ndipo idzathandizanso azimayi okalamba pa tsiku la maliro kapena lomanga chiliza, mukatero anthu aiona ngati yawo. Kudya, mpira, nyimbo, zonsezo kusukulu.

Munda weniweni woti ana azigwira, kuthirira ndi kusewera pansi pake muupange kusukulu ndi mbewu zochokera kumandako. Pamenepa ndikhalitsepo pang'ono chifukwa ndi pomwe makalabu ambiri amagwa ulesi, amafesa nkusamera. Mbawa zibalobalo zake ndi zolimba ngati mpira wa thabwa, zikakhwima zimang'ambika nkutaya njere zopyapyala za mapiko, tolani zongogwa kumene ndipo fesani msanga chifukwa zikakhalitsa zimafa. Masuku amapsa cha mu Novembala ndi Disembala, njere zake nazo sizisungika, mukazipeza lero tsukani mufese sabata yomweyo, ndipo mu machubu musakanizemo dothi lotapa pansi pa msuku waukulu chifukwa mizu yake imadalira tibowa tina ta m'dothi limenelo, popanda ito mbande zimangoti zii, zachikasu, osakula. Poti zipatso zakumanda anthu sadya, adzukulu akutolereni, ana angochotsa njere. Mkuyu ndi kachere musavutike ndi njere, dulani nthambi yonenepa ngati mkono, yotalika mita imodzi kapena kuposa, muzike mvula ikamayandikira, imaphuka yokha. Mlombwa ndi wovuta, njere yake ili m'kati mwa chikoko cha minga ndipo imamera mwa apo ndi apo, ikamera imatha zaka ikuuma kumtunda chilimwe chilichonse uku muzu ukukula pansi, nde musaizule poganiza kuti yafa. Njira ina yachidule ndi kuzula timbande tomera tokha pansi pa mitengo nthawi ya dzinja, tating'ono ta masamba anayi kapena asanu, ndi dothi lake lomwe, nkutiika mu machubu pamthunzi. Koma musakokolole tonse, ndipo mbewu musatenge pa mtengo umodzi wokha olo utakhala wokongola bwanji, tengani pa mitengo ingapo yotalikirana kuti mbande zisakhale za mayi mmodzi.

Tibwere kwa amene akufuna kucheka. Maganizo awo si oipa, akufuna kulemekeza makolo ndi mpanda, ndipo musakawayankhe ngati adani pa bwalo. Koma awerengereni bwinobwino. Mbawa imene anthu atatu sangaikumbatire yatenga zaka zoposa za munthu aliyense ali pa msonkhanopo, wocheka adzakupatsani ndalama ya tsiku limodzi, iye nkukapindula ku Limbe. Mtengo wotere ukamagwa umaphwanya ziliza ndi mitengo ina, pamene wachokapo dzuwa limalowa, udzu ndi lantana zimabwera, moto umapeza chakudya. Kenako njerwa za mpandazo muotcha ndi chiyani? Nkhuni zake zichokera momwemo. Mudzatsala ndi mpanda wozungulira zitsa. Komanso chachikulu ndi chija ndanena poyamba, tsiku limene mudzi wonse waona sowo ikulira kumanda ndi chilolezo cha amfumu, mantha atha, wotsatira sadzapemphanso. Lamulo nalo lilipo, Forestry Act ya 1997 imene inakhwimitsidwa mu 2020, ndipo mbawa ndi mlombwa zili m'gulu la mitengo yotetezedwa, kudula kuti mugulitse popanda chilolezo cha a forestry ndi mlandu olo mtengowo uli pa malo a amfumu.

Mpanda ukufunika ndithu chifukwa cha mbuzi ndi anthu olima amene amadya malire khasu limodzi chaka chilichonse, koma ukhale wamoyo. Khonje m'malire, mzere wa vetiva kumunsi kotsetsereka kuti ugwire dothi, nsungwi kumbali ya mtsinje ngati ulipo koma patali ndi mitumbira chifukwa zimayanga. Nkhadze makolo ankadzala kumanda ndipo mbuzi siziboola, vuto lake ndi utomoni umene umawononga maso, nde mbali imene ana aziyenda musaikeko. Pamakona zikani miyala kapena timapilala ta simenti amfumu ndi oyandikana nawo minda ali pompo, zimenezi ndalama yake ndi yochepa, mabanja akhoza kusonkha. Bulugamu ndi malaina musalowetse m'menemo, malo ake ndi kwina, ndipo sendeleya ngati wamera kale muzizula ana ake chifukwa amafalikira msanga nkupondereza yachilengedwe.

Sindikunena kuti nkhwangwa isadzalowe mpaka kalekale. Mtengo umene wauma, wapendekera kunjira kapena kusukulu, kapena nthambi yaikulu yowola ili pamwamba pomwe anthu amaima pa maliro, umenewo uchotsedwe alangizi ataona, ndipo matabwa ake apite pa zinthu zimene aliyense aziona, bokosi la maliro a banja losauka, benchi ija, chitseko cha kalasi. Koma wouma umene uli pakati posaopseza munthu usiyeni uime, mphako zake ndi nyumba za akadzidzi, agogomole ndi mileme, ndipo akadzidziwo ndi amene akuchepetsa makoswe m'minda yozungulira olo anthu amawada.

Tsono chimene chikupha misitu ya kumanda mwakachetechete, kuposa ocheka, ndi kalambulidwe kathu. Pa tsiku lolambula manda timapala paliponse mpaka dothi kuoneka mbee, timbande tonse tapita ndi khasu, kenako zinyalala timaunjika patsinde pa mtengo waukulu nkuyatsa. Pitani mukaone mitengo ikuluikulu ya kumanda kwanuko, ambiri mupeza mbali imodzi ya tsinde ndi yakuda, yobooka, khungwa linapsa, ndipo ndi pomwe chiswe ndi kuwola zinalowera. Ukayang'ana m'mwamba msitu ukuoneka wathanzi, ukayang'ana pansi mulibe mwana wa mtengo ndi mmodzi yemwe, nkhalamba zokhazokha. Ikadzagwa imeneyo palibe wolowa m'malo. Nde gwirizanani ndi adzukulu kuti pamitumbira ndi m'tinjira palambulidwe monga mwa nthawi zonse, palibe amene akufuna manda a mayi ake akhale pathengo, koma m'mipata ndi m'makona masamba asiyidwe awolerane, ndipo tsiku lolambula lisanafike anthu awiri adutse kuzika timitengo topaka penti pambali pa mbande zofunika kuti khasu lizidumpha. Zinyalala zituluke kunja, zikapangidwe manyowa a nazale. Kanjira kozungulira kaja mukakakulitsa kufika mamita atatu kapena anayi nkumakapala mu Juni kapena Julaye udzu usanaumitsitse, kagwiranso ntchito yotchinga moto wa osaka mbewa.

Pa amene akuikidwabe m'menemo, adzukulu adziwe kuti mizu yambiri ya mtengo ili pamwamba, m'kati mwa mita yoyamba ya dothi, ndipo imatambalala kupitirira pomwe nthambi zalekezera. Kukumba manda pafupi ndi tsinde nkudula mizu ikuluikulu ya mbali imodzi ndi kumene kumagwetsa mtengo pa mphepo ya dzinja lotsatira. Akatswiri amati utalikire thunthu ka 12 kuyerekeza ndi kunenepa kwake, kutanthauza kuti mtengo wonenepa theka la mita usiyiridwe mamita 6. M'manda odzadza zimenezi sizitheka nthawi zonse, koma olo kungosuntha pang'ono kuti muzu waukulu upulumuke ndi bwino. Mbali inayo, pafupi ndi ziliza musadzalepo mkuyu kapena kachere, mizu yake imang'amba simenti ndipo banja limodzi likadandaula kuti kalabu yathyola chiliza cha bambo awo, ntchito yonse yaima. Ena adzakuuzani zoika ming'oma ya njuchi kuti papezeke ndalama komanso akuba aziopa. Zimathandiza m'misitu ina, koma kuno ganizani za tsiku la maliro, khamu la anthu, kwaya, okalamba osatha kuthawa. Ngati muika, ikhale kutali kumbali imene anthu safika.

Zonse mwagwirizanazo zilembedwe, tsamba limodzi lokha likwana: ndani amapereka chilolezo cholowa, masiku otola mbewu, asing'anga atenge bwanji mankhwala osasenda khungwa kuzungulira thunthu lonse, chindapusa cha wodula ndi wotentha. Asayine amfumu, agulupu adinde, kope ina ipite kwa a T/A ina ku forestry, ndipo ngati m'mudzi muli kale komiti ya zachilengedwe ya VNRMC ilowetseni kuti pasakhale makomiti awiri okokerana. Ndinu aphunzitsi, tsiku lina adzakusamutsani, nde kope ya kalembera isakhale m'chikwama chanu chokha, ina ikhale kwa amfumu ina mu ofesi ya ahedi.

Nthawi yake yendetsani chonchi: zokambirana ndi kalembera zichitike chilimwe pomwe m'manda mukuyendeka, nazale iyambe cha mu Ogasiti kapena Seputembala ndi mbewu zimene zapezeka, machubu ngati mulibe timapaketi ta shuga ndi ta mkaka toboola pansi tikwana. Nyengo yodzala mitengo ya dziko lino imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, koma inu dzalani kumayambiriro mvula ikangokhazikika kuti mizu igwire chilimwe chisanafike, ndipo za masuku zofesedwa mu Disembala zidikire dzinja linalo. Mbande zoyamba kukhwima, musanadzale kusukulu, perekani zingapo kwa amfumu kuti zikadzalidwe m'malire a manda atsopano aja, chifukwa kumeneko pakadali pano ndi padzuwa ndipo anthu akumaima ndi maambulera pa maliro.